Ku Joni m'masabata omaliza a kampeni

Lachiwiri, 14 Meyi 2024

Kumudzi lero ndi tchuthi cha Kamuzu, kuno anthu ali pa liwiro la kuntchito. Basi yalowa mu Johannesburg kukucha, titadzera ku Mwanza, Tete, Nyamapanda ndi Harare, n'kukhalitsa pamzere wa pa Beitbridge. Kungochoka pa Musina, mapolo a magetsi onse avala nkhope za anthu. Polo limodzi likusenza zikwangwani zitatu kapena zinayi: Cyril Ramaphosa wa ANC, John Steenhuisen wa DA, Julius Malema wa EFF, ndipo apo ndi apo Jacob Zuma ndi chipani chake chatsopano cha MK. Chisankho cha dziko la South Africa chili pa 29 mwezi uno.

Alamu anadzandichingamira kufupi ndi Park Station. Iwo ndi achemwali anga akuchita lendi kachipinda kakuseri kwa nyumba ina ku Turffontein. Alamu amasamala maluwa ndi kapinga m'mayadi a ku Randburg, achemwali amasoka makatani ku Fordsburg. Ndabwera kudzaona khanda lawo ndi kuodako katundu wa kashopu kanga ka ku Zomba.

Tisanatsike n'komwe m'takisi, alamu anali atandipatsira kale foni yawo. "Alamu, paja inu munayendapo m'midzi kufunsa anthu mafunso. Tandiuzani, 40 imeneyi ndi yoona?" Ankandionetsa kafukufuku wa kampani ya Ipsos, wofunsa anthu chipani chimene adzavotere, amene anatuluka kumapeto kwa Epulo: ANC 40.2 peresenti, DA 21.9, EFF 11.5, MK 8.4. Chipani chimene mu 2004 chinakolola mavoti pafupifupi 70 pa 100 alionse, mu 2019 n'kutsikira pa 57.5, akuti ulendo uno sichifika theka. Chiyambire 1994, pa chisankho cha nyumba ya malamulo zimenezi sizinaonekepo.

Ndinawafunsa chomwe mutu ukuwapwetekera pomwe iwo savota. "Kuvota sitivota," anatero, "koma zikasokonekera amayambira pa ife."

Madzulo pa TV a Stats SA, nthambi ya boma yoona za ziwerengero, atulutsa chiwerengero cha ulova cha miyezi itatu yoyambirira ya chaka chino: 32.9 peresenti. Chipani chilichonse chatola nambala imeneyi n'kuyamba kumenya nayo chinzake.

Lachitatu, 15 Meyi

Ndatandala pakhomo ndi achemwali ndi mwana. Kukuzizira kouma, kong'amba milomo. Masana TV inaonetsa Ramaphosa ku Union Buildings ku Pretoria akusainira lamulo la NHI, loti boma likhale ndi thumba limodzi lolipirira chithandizo cha kuchipatala kwa olemera ndi osauka omwe. Nyumba ya malamulo inathana nalo mu Disembala chaka chatha, koma cholembera chagwira pepala kutangotsala masabata awiri kuti anthu avote. A DA ndi mabungwe angapo anena kale kuti akakumana ndi boma kukhoti.

Achemwali anali chete akuyamwitsa, kenaka anafunsa: "Achimwene, ife tilimo mmenemu?" Ndinafufuza lamulolo pa foni n'kuwawerengera. Nzika zilimo, amene ali ndi chilolezo chokhala mpaka kalekale alimo, othawa kwawo ovomerezeka alimo. Amene akudikira yankho la pempho lawo lothawira kuno, ndi amene alibe mapepala, athandizidwa pa ngozi ndi pa matenda opatsirana amene boma limalondoloza, basi. Ana onse, kaya makolo awo ndi ochokera kuti, ali ndi ufulu wa chithandizo choyambirira. Anthu akwathu ambiri kuno ali m'gulu lachiwirilo. Anadindiridwa masiku 30 pa boda, masikuwo anatha zaka zapitazo, ndipo akugwirabe ntchito.

Eni nyumba ndi gogo wachisuthu wodwala shuga. Iwo za NHI akondwa nazo, koma za magetsi akukayika. Chiyambire pa 26 Malichi sanazimitsidwe mosinthana monga zinkachitikira chaka chatha. A Eskom, kampani ya boma ya magetsi, akuti n'chifukwa chokonza makina awo a malasha, komanso anthu ambiri aika sola. Gogowo akuti tisunge makandulo, tidzawafuna pa 30 Meyi. Mkangano umenewu ndaumva kale m'takisi ndi pagolosale.

Lachisanu, 17 Meyi

Lero ndalowa m'tauni ndi mnzawo wa alamu, mnyamata wa ku Machinga amene amaperekeza anthu ooda katundu. Tinadutsa pa msewu wa Lilian Ngoyi, umene ambiri amautchulabe kuti Bree. Unaphulika ndi gasi wa pansi pa nthaka pa 19 Julayi chaka chatha n'kugudubuza matakisi, ndipo mpaka lero ndi wotchingidwa, pakatikati pa mzinda wolemera kuposa yonse m'chigawo chino cha Africa. Pa mpanda wotchingawo amatapo mapepala a zipani.

Kenaka ananditengera ku Marshalltown, pa msewu wa Albert, pamene pali nyumba ya Usindiso. Usiku wa pa 31 Ogasiti chaka chatha moto unapha anthu 76 mmenemo, ndipo Amalawi analimo ambiri, pamodzi ndi a ku Tanzania ndi eni dziko. Nyumbayo ndi ya khonsolo ya mzinda. M'nthawi ya tsankho inali ofesi ya mapasi, kumene munthu wakuda ankadzapempha chilolezo chokhala mu Johannesburg. Mnyamatayo anandilozera zenera limene msuweni wake anadumphira. Anapulumuka ndi mwendo wothyoka ndipo anabwerera kumudzi. Kumayambiriro kwa mwezi uno komiti ya Jaji Sisi Khampepe inatulutsa lipoti lake loyamba, loloza chala khonsolo ya mzinda chifukwa chosiya nyumbayo pomwe inkadziwa kuti ndi msampha wa imfa.

Lero lomwe ku George, ku Western Cape, alengeza kuti asiya kufukula pa nyumba yosanja imene inagwera oimanga pa 6 Meyi. Afa anthu oposa 30, ambiri ochokera ku Malawi, Mozambique, Zimbabwe ndi Lesotho. M'magulu a WhatsApp a Amalawi mwadzaza zithunzi ndi mauthenga ofunsa za abale. Chimene chandiwawa n'chakuti ngozi isanathe n'kuzizira komwe, andale ena ayamba kale kufunsa kuti anthuwo anali ndi mapepala kapena ayi. Funso loti ndani analoleza konkire yoteroyo likubwera pambuyo.

Lamulungu, 19 Meyi

Dzulo Zuma anadzaza anthu pa Orlando Stadium ku Soweto. Ife sitinayandikireko. Lero titaweruka kutchalitchi tinapita ku Rosettenville, ku msonkhano wa chiyanjano cha maliro chimene alamu ali membala. Amasonkha mwezi ndi mwezi kuti wina akamwalira thupi lake lipite kumudzi. Anakumana m'galaja ya galimoto. Atatha kuwerengera ndalama, amayi anapakula nsima ndi usipa umene ndinabwera nawo, ndipo ndale zinayambika osaitanidwa.

Anayamba ndi mkulu wina wa ku Nkhata Bay, mtchona weniweni amene anabwera pa Theba m'zaka za m'ma 1980. Iwo ndi a ANC mpaka kufa. Akuti achinyamata sadziwa kuti kuyenda mu Eloff Street opanda pasi kunali kotani. Akuba alimo m'chipanimo, akuvomera, koma ndi okhawo amene amakumbukira kuti anasungidwa ku Lusaka ndi ku Morogoro, ku Tanzania, atathawa boma la tsankho. Mnyamata wa ku Mangochi wogwira m'shopu ku Mayfair anati iye akanakhala wovota akanapatsa Malema, poti ndi yekhayo amene amanena poyera kuti Africa ndi imodzi ndipo malire anaika ndi azungu. Mayi wina wa ku Ntcheu, wogwira m'nyumba ku Sandton, sanamulole kumaliza. "Achimwene, mwaiwala Januwale wa 2022? Si yemweyo anayenda m'malesitilanti ku Mall of Africa kuwerenga kuti obwera alembedwa angati?" Iwo akufuna DA ichite bwino, chifukwa adona awo amati ikatero randi ilimba. Chichokereni kugwa kwa kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala, randi iliyonse imene atumiza ku Ntcheu ikudyetsa khomo lonse, makamaka chaka chino cha ng'amba chimene boma la kwathu lalengeza ngozi m'maboma 23 mwa 28.

Koma amene anayankhula zondikhalitsa pansi ndi msungichuma, bambo wofatsa wa ku Mulanje, telala. Anati tisamafunse kuti apambana ndani, poti aliyense akudziwa kuti ANC itsogola. Tizifunsa kuti iperewera ndi zingati. Kuno pulezidenti savoteredwa ndi anthu mwachindunji. Amasankhidwa ndi aphungu 400, ndiye boma lifuna 201. ANC ikapeza 46 kapena 47 peresenti, idzangotola tizipani ting'onoting'ono kuti ikwanitse, ndipo kamodzi mwa tizipani tomwe tikudziwika kuti tingavomere ndi PA ya Gayton McKenzie, amene kampeni yake yonse ndi yoti obwera opanda mapepala azipita kwawo. Mu Januwale anafika mpaka pa mtsinje wa Limpopo kukabweza anthu owoloka. Munthu wotero akapatsidwa unduna wa za m'dziko ngati mtengo wa mavoti ake, vani yopita ku Lindela, kumene amasungira opanda mapepala asanawabweze kwawo, sidzasowa ntchito. ANC ikagwera pa 40, tizipani tating'ono sitikwana, ndipo idzafunika kugwirana ndi chipani chachikulu. Ndiye kwa ife, anatero, kusiyana kwa 40 ndi 46 n'kwakukulu kuposa mmene eni dziko akukuonera.

Apa m'pomwe onse anatembenukira kwa ine kuti ndiwauze ngati akafukufukuwa ndi okhulupirika. Mkulu wa ku Nkhata Bay anati iye wakhala kuno chiyambire Mandela asanatuluke m'ndende, sanaonepo munthu wofunsidwa. Anthu 2,500 angayankhulire bwanji ovota 27 miliyoni?

Ndinawakumbutsa za okushoni ya fodya ku Limbe kapena ku Kanengo. Wogula samasula belo lonse. Amapisa dzanja m'katikati, malo angapo, osati pamwamba pomwe mlimi waikapo masamba okongola. Akatola mosakondera, amadziwa belo lonse. Mmene ndinkagwira ganyu imeneyi ku Zomba ndi ku Machinga, mudzi sitinkasankha tokha, nyumba sitinkasankha tokha, ngakhale munthu wofunsidwa pakhomopo ankasankhidwa ndi tabuleti, kuopa kuti tizingofunsa abambo ochezeka okhala pansi pa mtengo. Mukafunsa anthu 2,500 mwa njira imeneyi, nambala yanu imatha kuphonya ndi 2 peresenti uku kapena uko. Masamu amateteza mpaka pomwepo. Sateteza pa munthu amene wakubisirani za mumtima, kapena amene wati akavota koma tsikulo n'kugona.

Kwathu tinaziona. Mu 2014 Afrobarometer inaonetsa Peter Mutharika ali patsogolo, Lazarus Chakwera pambuyo pake, Mayi Joyce Banda achitatu. A boma la nthawiyo anakana, koma zotsatira zinabwera m'ndondomeko yomweyo. Mu 2020 IPOR, bungwe la kafukufuku la ku Zomba, inaonetsa Chakwera akutsogola, ndipo anapambana ndi pafupifupi 59 peresenti.

Mayi wa ku Ntcheu uja anafunsa mwakachetechete ngati ofunsa mafunsowo angafunse iwo atawapeza pageti la adona. Ndinati manambala amene tikuwerengawa ndi a anthu olembetsa kuvota okha. Nanga a ku Zomba aja? Iwonso amafunsa amene ali m'Malawi. Lachisanu ndi dzulo, nzika za South Africa zokhala kunja zinavota ku maofesi a akazembe awo, ku London mzere unachita kukhota misewu. Mmalawi wa ku Joni sangavote ku Pretoria chaka chamawa, pokhapokha akwere basi kukalembetsa, n'kudzakweranso kukavota. Anthu amene akumanga nyumba za malata ku Mangochi ndi ku Mzimba ndi thukuta la kuno alibe pomwe mawu awo amawerengedwa, kuno kapena kumudzi. Mkulu uja anapukusa mutu nati, "Kwa eni kulibe mkuwe." Mayiwo anayankha kuti nanga kwathu komwe bwanji.

Lolemba, 20 Meyi

Ndinalawirira ku Constitution Hill, pakati pa Braamfontein ndi Hillbrow. Khoti lalikulu la malamulo a dziko analimanga m'kati mwa ndende yakale ya Old Fort, mmene Mahatma Gandhi ndi Nelson Mandela anatsekeredwamo nthawi zosiyana, ndipo njerwa zina za khotilo anazigumula ku zipinda za akaidi odikira mlandu. Panja panali apolisi, makamera ndi gulu la anthu ovala zobiriwira za MK.

Chigamulo anawerenga ndi Jaji Leona Theron. Zuma sangakhale phungu. Mu 2021 khoti lomweli linamulamula kukhala m'ndende miyezi 15 chifukwa chokana kukaonekera ku komiti ya Zondo yofufuza za katangale, ndipo malamulo a dziko amati wolamulidwa miyezi yoposa 12 popanda mwayi wa chindapusa adikire zaka zisanu. Kuti chilangocho chinachepetsedwa pambuyo pake, khoti lati sizisintha kanthu. Nkhope yake ikhalabe pa pepala lovotera, poti mapepala anasindikizidwa kale ndipo iye ndiye mtsogoleri wa chipanicho.

Anthu ake anaimba nyimbo zawo, kenaka n'kubalalika mwamtendere. Achemwali anali atandiimbira kale foni kuti ndichokeko msanga. Sanaiwale Julayi wa 2021, pamene kumangidwa kwa Zuma kunabutsa zipolowe ku KwaZulu-Natal ndi kuno ku Gauteng n'kufa anthu oposa 350. Ine maganizo anali pa 3 Febuluwale 2020, tsiku lomwe dziko lathu lonse linakhalira wailesi kuyambira m'mawa mpaka mdima kumvera majaji asanu akufafaniza chisankho cha Tipp-Ex. Mayiko awiriwa ali ndi makhoti amene amatha kuuza munthu wamkulu kuti ayi, ndipo chimenechi ndimachinyadira.

Wogulitsa nyuzipepala wachizulu pa Jorissen Street anandiuza kuti khotilo langomuonjezera mavoti mdalayo.

Lachinayi, 23 Meyi

Tsiku lonse ndinali m'mashopu a Matchaina ku Dragon City kuoda mabulangete, nsapato za ana ndi matochi a sola. Amene amanyamula katundu kupita kumudzi akuti sabata ino mathiraki adzaza, anthu akutumiza mafiriji ndi mabedi chisankho chisanafike.

Usiku tinaonera mtsutso pa TV ndi mlonda wina wa ku Newcastle, ku KwaZulu-Natal, amene akuchita lendi chipinda choyandikana nafe. Mitsutso ya kuno ndi ya tsiku ndi tsiku, pa SABC, eNCA ndi Newzroom Afrika, m'maholo odzaza ndi otsatira zipani ovala malaya awo, okuwizana mpaka wofunsa mafunso kusowa poyambira. Amene amabwera kawirikawiri ndi nthumwi. Ramaphosa sindinamuone ataima pa gome limodzi ndi Steenhuisen ndi Malema. Ndi khalidwe limene tikulidziwa: Mayi Banda sanapite ku mitsutso ya 2014, a Mutharika sanapite ku ya 2019. Wokhala pampando amaona kuti kuima pamodzi ndi omutsutsa n'kuwakweza, ndipo amene amaluza pamenepo ndi wovota.

Anakangana za ntchito, za umbanda, za madzi amene anasowa masabata angapo m'madera ena a mzinda uno mu Malichi, ndi za kanema wa DA woonetsa mbendera ya dziko ikupsa, amene SABC inakana kuulutsa. Itafika nkhani ya obwera, holo yonse inadzuka. Aliyense anali ndi mamiliyoni akeake. Kalembera wa 2022 anapeza anthu obadwira kunja pafupifupi 2.4 miliyoni mwa anthu 62 miliyoni, osafika 4 pa 100 alionse. A ku Zimbabwe ndi oposa pang'ono 1 miliyoni, Amalawi pafupifupi 199,000. Ena mwa ife anabisala kalembera atabwera, zimenezo n'zoona, koma ngakhale mutawirikiza kawiri, simungafotokoze nazo ulova wa 32.9 peresenti. Panalibe wofunsa kuti bwana wolemba munthu wopanda mapepala pofuna kumulipira theka amangidwa liti. Nkhani inali yathu, anaikamba kwa nthawi yaitali, ndipo mwa okhala kutsogoloko panalibe mmodzi wochokera kunja.

Tsopano pali kafukufuku wina wotuluka tsiku lililonse, wa Social Research Foundation, wofunsa pa foni. Pakati pa mwezi uno anaonetsa ANC itakwera kufika cha m'ma 45, masiku ano yayambanso kutsetsereka. Alamu amayamba kuona nambala imeneyi asanasukusule. Ndinawauza kuti kusuntha kwa peresenti imodzi pa tsiku kusawasowetse tulo, ayang'ane kumene ikulowera pa sabata yonse.

Mlondayo anaseka. Akuti iye atamuimbira foni munthu wosamudziwa, wa Chingerezi cha ku Sandton, angamuuze kuti ANC, chifukwa khadi la chipani ali nalo ndipo mayi ake amalandira ndalama ya okalamba. Koma m'kachipinda kovotera adzachonga Msholozi, kutanthauza Zuma. Akuti kwawo onse ali choncho. Ngati anthu otere alipo ambiri, 8.4 ya MK ija ndi yochepa.

Loweruka, 25 Meyi

Mabasi odzaza ndi malaya achikasu akhala akudutsa kuyambira m'mawa kupita ku FNB Stadium, bwalo la anthu oposa 90,000, kumene ANC ikutsekera kampeni. EFF ili ku Polokwane, DA ikhala ku Benoni mawa. Ife tinaonera pa TV.

Lero ndi tsiku lokumbukira umodzi wa Africa, koma alamu akumbukira Meyi wina, wa 2008, pamene chiwembu chinayambira ku Alexandra n'kufalikira dziko lonse, anthu 62 n'kuphedwa. Anali atangofika kumene, ndipo anagona pabwalo la polisi. Akuti chiyambire nthawi imeneyo, nyengo ya chisankho ikafika, mapasipoti, khadi la kusikelo la mwana ndi ndalama ya basi zimakhala m'chikwama chimodzi.

Gogo eni nyumba akuopa china. Akuti boma la mgwirizano analiona kale mumzinda muno. Chichokereni chisankho cha makhansala cha 2021, mpando wa meya wakhala ukusinthasintha, ndipo lero uli ndi Kabelo Gwamanda wa Al Jama-ah, chipani cha mipando itatu mwa 270, chifukwa akuluakulu analephera kugwirizana. Ndinawafotokozera za Tonse, zipani zisanu ndi zinayi zimene zinatilonjeza ntchito 1 miliyoni, ndi mmene pano mgwirizanowo ukulendewera. Anati ndiye ndikuwamvetsa.

Lachitatu, 29 Meyi

Tchuthi. M'gulu la WhatsApp la chiyanjano munalowa uthenga usiku woti aliyense akhale pakhomo. Ine ndinangoperekeza gogo mpaka pageti la sukulu imene akuvotera, nditawanyamulira mpando. Okalamba amawalowetsa msanga, ndiye sanachedwe. Anatuluka akudandaula kutalika kwa mapepala. Chaka chino ndi atatu, poti kwa nthawi yoyamba oima paokha aloledwa kupikisana, ndipo pa pepala la dziko lonse pali zipani 52. Sindinawafunse kuti achonga ndani.

Achinyamata ndiwo anaima mpaka usiku. Timakina toyang'anira maina tinkavuta m'malo ambiri, ogwira ntchito n'kubwerera ku kaundula wa papepala. Malo ovotera amayenera kutseka 9 koloko, koma lamulo limati amene ali kale pamzere avote, ndipo TV inaonetsa mizere ku Braamfontein ndi ku Durban pakati pa usiku, m'chisanu chimenechi. Ndinawachitira ulemu anthu amenewa, ndipo ndinawasirira. Mlonda uja anabwera mochedwa kudzationetsa inki pa chala chachikulu chakumanzere.

Lamulungu, 2 Juni

Masiku atatu apitawa tinangokhalira TV. Lachisanu m'mawa bolodi la zotsatira ku Midrand linazima kwa maola pafupifupi awiri, m'magulu a pa foni n'kudzaza mawu oti zabedwa, mpaka linayakanso manambala ali momwemo. Dzulo Zuma anachenjeza a IEC, bungwe loyendetsa chisankho, kuti asalengeze zotsatira, akuti pali zachinyengo. Usiku uno alengeza, Ramaphosa ali pomwepo.

ANC 40.18 peresenti. DA 21.81. Ipsos inati 40.2 ndi 21.9, mwezi wathunthu chisankho chisanachitike. Pa zipani ziwirizi analasa pakati penipeni, ndipo mkulu wa ku Nkhata Bay watumiza uthenga wa mawu wovomera. Pa MK anaphonya kwambiri: anati 8.4, yapeza 14.58, n'kudumpha EFF imene yatsikira pa 9.52. Ku KwaZulu-Natal MK yatenga cha m'ma 45 peresenti, chipani chimene Zuma anachilengeza mu Disembala momwemu. Ena mwa mavoti amenewa ndi a anthu ngati mlonda uja, ena ndi a amene anasintha maganizo mu Meyi ofunsa mafunso atadutsa kale. Mizere yaitali ija inatinamiza: ovota anali pafupifupi 59 pa 100 alionse olembetsa, kutsika kuchoka pa 66 mu 2019.

Nyumba ya malamulo iyenera kukumana pasanathe masiku 14 kuti isankhe pulezidenti. Basi yanga inyamuka Lachiwiri, ndiye zimenezo ndikazimvera ku Zomba. Msungichuma uja anabwera kudzasiya katundu woti ndikapereke ku Mulanje, ndipo iye ndi alamu anakhala pabedi kuwerengera mipando kuseri kwa lisiti. ANC 159, kuchoka pa 230. DA 87, MK 58, EFF 39, IFP 17, PA 9. ANC ndi tizipani tating'ono tokha n'zovuta kufika 201. ANC ndi DA, 246. ANC ndi MK, 217, koma a MK akuti sakambirana Ramaphosa akadali pampando. ANC ndi EFF, 198, kuperewera itatu. Msungichuma analemba 9 ya McKenzie pansi pa 198 ija, n'kuphatikiza, n'kupeza 207. Anapempha alamu kuti msonkhano wa chiyanjano wa mwezi uno ukhale Lamulungu likubwerali m'malo modikira kumapeto, ndipo aliyense abwere ndi nambala ya foni ya mbale wake wa kumudzi.